Mafupa a M'chigafa cha a Pankrasi

Loweruka lapitali tidakamanga chiliza cha atsibweni anga, a Pankrasi Nkhoma, kumudzi kwathu kuseri kwa Nsaru. Patha chaka chimwalirireni. Anthu adabwera ambiri, kwaya idaimba, ndipo mkulu wa mphakati ataimirira adati malemuwa anali munthu wokonda chilengedwe cha Mulungu. Ine ndidangowerama. Mkulu yemweyo, atsibweni ali moyo, ankadutsa pakhomo pawo atatseka mphuno ndi chipewa, akapitirira pang'ono n'kulavula.

Sindikunena kuti mkuluyo ankanamizira. Atsibweni ankanunkha. Ndiyambire pomwepa kuti wina asaganize kuti ndikufuna kuwasandutsa woyera wa pa kalendala ya kutchalitchi. Fungo lawo silinali la thukuta kapena la fodya ngati la amuna ena m'mudzi. Linali la chinthu chakufa, lija limakakamira kukhosi ngakhale umwe madzi. Kusamba ankasamba, ndipo akazi awo a Nambewe ankawachapira mpaka zala kusupuka, koma fungolo lidalowerera m'zovala zonse ngati mafuta. Ukawapatsa moni wa m'manja, tsiku lonse dzanjalo unkaliyendetsa patali ndi pakamwa.

Adali mphunzitsi wa pulayimale, wokonda kwambiri phunziro la sayansi. Atapuma ntchito adabwerera kwawo kuno ndi banja lawo. Anzawo opuma ntchito ankatsegula magolosale kapena kuwonjezera munda wa fodya. Iwo fodya adamusiyiratu, chigafa chonse n'kuchisandutsa nyumba ya mafupa.

Galu akagundidwa ndi lole pamsewu wa ku Kabudula, aliyense ankadziwa kuti posachedwa a Pankrasi atulukira pa njinga, thumba lili pakaliyala. Chimodzimodzi mphaka, ng'anzi, ngakhale mbuzi yofa ndi matenda imene eni ake aopa kudya. Kuseri kwa chigafa adatchingako kamalo ndi waya. Nyamayo ankaigoneka pamenepo, n'kuivundikira ndi dengu lakutha kuti akhungubwe asajomphe. Akatero ankatenga kampando, kukhala pambali, n'kumaonerera chinthu chikuwola monga ena amaonerera mpira.

Ankati palibe ntchito yolongosoka ngati imeneyo. Zoyamba kufika ndi ntchentche zobiriwira, thupi lisanazizire n'komwe, ndipo zimaikira mazira m'maso ndi m'kamwa. Mphutsi zikadya zofewa zonse zimatsika zokha kukabisala m'dothi. Pambuyo pake pamabwera tizikumbu todya chikopa chouma ndi mitsempha, aliyense pa nthawi yake, popanda wowaitana, kuposa adzukulu okumba manda a m'mudzi mwathu amene mpaka uwanyengerere. Zonsezi ankakonda kuzifotokoza anthu akudya.

Tsiku lina amayi adandituma kukapereka ndiwo kwa a Nambewe. Ndinali kale mayi wa ana awiri, koma kwa atsibweni aliyense anali mwana wa sukulu. Adandiona ndikudutsa.

"Agnesi, tabwera kuno msanga."

"Ndafulumira, atsibweni."

"Ukafulumira zikudikira ndani? Bwera."

Adavundukula dengu. Pansi pake panali galu, kapena chimene chidali galu. Mimba yonse inali yoyera ndi mphutsi, zikuyenda pamodzi ngati phala likuwira, ndipo zinkamveka kaphokoso konyowa kamene sindidakaiwale mpaka lero. Adandigwira pamkono n'kutsitsa dzanja langa pafupi.

"Ukumva kutentha, eti? Si dzuwa limenelo. Zikaunjikana chonchi zimadzitenthetsa zokha."

Kutenthako ndidakumvadi. Ndidatsomphola dzanja, kuthamangira m'munda wa nandolo n'kusanza mpaka m'mimba kupweteka. Ndikubwerera ndidawapeza akundiyang'ana mokhumudwa, ngati ndalephera mayeso osavuta.

Mafupa akayera ankawatsuka, kuwayanika, n'kuwalumikiza ndi tiwaya. M'chigafa, pa mikangala pomwe kale pankalendewera fodya, pankalendewera ng'anzi yathunthu ndi mchira wake, mleme wotambasula mapiko, nkhuku, agalu, ndi chigaza cha fisi chimene adachitola kuphiri. Mlendo aliyense wolakwitsa n'kulowamo ankagwidwa mkono. Ankamupinda chigongono, kumuwerengera mafupa a m'dzanja lake, kenako n'kumuonetsa omwewo m'phiko la mleme ndi m'mwendo wa galu. Anthu ankatulukamo atakwiya. Palibe amene amafuna kumva kuti dzanja limene amalandirira Ukalistia lidapangidwa mofanana ndi phiko la mleme. Akatekisiti adakangana nawo kangapo pa nkhaniyi. Atsibweni, amene sankajomba Misa, ankayankha kuti mmisiri wabwino akapeza muyeso wabwino sautaya, ndipo amene akunyansidwa akadandaule kwa mwini ntchitoyo, osati kwa iwo.

Kudenga kwa chigafacho kunkagona akadzidzi. M'mudzi wina aliyense akadawathamangitsa ndi miyala tsiku lomwelo, koma atsibweni ankaletsa ngakhale kuwaloza. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu, kenako amasanza kampira ka ubweya ndi mafupa. Timipira timeneti atsibweni ankatitola m'mawa, kutiviika m'madzi, n'kumatitakasa ndi kamtengo kuti aone zimene akadzidzi adya. Tsiku lina a Nambewe adapeza masanzi amenewo akuyandama m'mbale yawo ya maluwa, ija ankaikiramo ndiwo kukabwera alendo.

"Abambo, m'nyumba monse muno simunaone chitini?"

"Chitini n'chakuda mkati. Timano ta mbewa sitioneka."

A Nambewe adatenga mbaleyo, madzi ake ali momwemo, n'kukaiphwanya pa mwala wochapira. Adatha masabata akuwaphikira osawalankhula. Koma nkhokwe yawo inali yokhayo m'mudzimo imene makoswe sankaiboola, ndipo zimenezo a Nambewe ankazidziwa, ngakhale sankafuna kuti wina azitchule.

Sikuti ankalondola nthawi zonse. Chaka china adamva pawailesi kuti kukhala kadamsana. Adayenda khomo ndi khomo, kuletsa anthu kupita kumunda, n'kuwasonkhanitsa pabwalo la mpira masana dzuwa likuswa mtengo. Tidakhala pamenepo mpaka ana kuyamba kulira ndi njala, dzuwa lili ngwee. Kadamsanayo adaonekadi, koma kumaiko ena kutali. Atsibweni sadavomereze kuti adamva molakwika. Mpaka imfa yawo ankati wolengeza uja ndiye sankadziwa kuwerenga.

Kuuma mutu komweko ndi kumene kudawapha. Adadwala shuga, ndipo chilonda chidatuluka pachidendene. A Nambewe adawachonderera kuti apite kuchipatala ku Kabudula, iwo n'kumazengereza. Nditapita kukawaona ndidawapeza pakhonde, mwendo atausanjika pa mtondo, nsalu atamasula. M'chilondamo munali mphutsi. Ndidakuwa, ndikufuna kuthamangira madzi otentha.

"Usaziphe," adatero. "Izi zimadya nyama yakufa yokha. Zikunditsuka."

"Atsibweni, mukuwola muli moyo!"

"Kuwola kwayamba kale. Izi zikungothandiza."

Ankayang'ana phazi lawolo ndi maso omwe aja ankayang'anira galu wa pansi pa dengu. Mwina poyamba zidathandizadi, ine sindidziwa. Koma mwendo udada mpaka m'bondo, thupi lidatentha, ndipo pamene tidawakweza pa ngolo anali asakuzindikiranso anthu. Achipatala adayesetsa. Adagonako masiku ochepa n'kumwalira. Masiku onsewo mwana wawo yekhayo wamwamuna, msuweni wanga Dominiko, sadaponde m'chipindamo.

Chimene chidalekanitsa awiriwa chidachitika zaka zingapo m'mbuyo mwake, ndipo ine ndinalipo.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Dambo la kumunsi kwa mudzi lidali litauma, kungotsala dziwe limodzi kumapeto kwa madimba, mmene nsomba zonse zidathawira. Linali tsiku la msika pa Nsaru, ine ndikugulitsa tomato. Chapafupi ndi ine padakhala Dominiko ndi mabeseni awiri odzaza milamba ndi matemba. Ndidadabwa, chifukwa Dominiko analibe ukonde, ndipo mbedza sigwira nsomba zotere m'mawa umodzi. Ndidamuseka monga timachitira pachisuweni.

"Kodi amuna anga, nsombazi zakugwerani kumwamba?"

"Gulitsa tomato wako, iwe," adatero osaseka.

Ankagulitsa motchipa, ndipo azimayi adamuunjirira. Dzuwa litakwera ndidaona atsibweni akubwera, akukankha njinga pakati pa anthu, thalauza lili matope mpaka m'mawondo, thumba lonyowa lili pakaliyala. Anthu adapatuka okha. Adaimika njinga patsogolo pa Dominiko, kumasula thumba, n'kulikhuthula pamwamba pa nsomba.

Mudatuluka achule otupa mimba, nkhanu, akakowa awiri makosi ali lende, ndi katumbu wamkulu, thovu lili kukamwa. Pomaliza padagwa botolo lopanda kanthu la mankhwala opopera tomato.

"Dominiko, botolo ili ndi la yani?"

"Abambo, tikakambirane kunyumba."

"Ndalipeza m'bango kudziwe. Dzulo linali pawindo la nyumba yako, lodzaza. Ndi la yani?"

"Aliyense amachita zimenezi, abambo. Ukachotsa matumbo nsomba imadyeka."

"Katumbuyu anamuchotsera matumbo ndani? Wadya nsomba zako zomwezi. Tamuyang'ana kukamwa."

Kenako adatembenukira kwa anthu, n'kukweza mawu a m'kalasi aja. Adati nsombazi zaphedwa ndi poizoni, amene wagula kale akataye m'chimbudzi, asapatse ngakhale galu. Adati wochita zimenezi ndi mwana wawo wobereka okha, ndipo adamutchula dzina lonse kuti pasakhale wokayika. Atatero adaponda mabeseni onse awiri, nsomba n'kumwazikira m'fumbi.

Zimene zidatsatira ndi zimene zimandinyansa kuposa mphutsi zonse za kuseri kwa chigafa. Anthu adagwa pansi kutola. Amuna akuluakulu, amayi obereka ana kumbuyo, onse ali chogwada, kukankhana, kulanda milamba pakati pa achule akufa n'kumaponya m'majumbo ndi m'zitenje. Wina adakoka katumbu uja n'kuthawa naye. Atsibweni ankapondereza nsomba ndi nsapato, kukuwa kuti siyani, mufa, koma anthu ankangowazungulira miyendo. Mayi wina wa mudzi woyandikana nafe adawakankha n'kunena kuti, "Inu mumadya penshoni, tisiyeni ife." Posakhalitsa pansi padatsala achule okhaokha.

Dominiko adatola mabeseni ake opindika, osayang'ana munthu, n'kumapita.

Tomato ndidamusiyira mnzanga, ine n'kutsatira atsibweni. Sadalowere kunyumba. Adangotenga khasu ndi fosholo n'kulunjika kudambo.

Dziwe lija ndidalidziwa kuyambira ndili mwana. Nthawi ngati imeneyo pamakhala phokoso la achule ndi mbalame moti munthu umachita kukweza mawu. Tsikulo kunali zii. Madzi anali ndi mafuta pamwamba, ndipo fungo la mankhwala linkalasa m'maso. Tinsomba tosagulitsika, tating'ono ngati chala, tidayala mphepete monse ngati wina wakhuthula ufa. Mbululu zidaunjikana m'matope. Nkhanu zidayesa kuthawa madziwo n'kufera pamtunda, zala zili m'mwamba. Pansi pa mtengo wa mkuyu padagona nantchengwa, ija inkamanga chisa chachikulu pamwamba pake, ndipo m'chisamo ana ankalirabe.

Atsibweni adayamba kukumba dzenje patali ndi madzi. Adati chilichonse chikwiriridwe mozama, chifukwa chikatsala pamtunda agalu ndi akabawi adya, nawonso n'kufa, ndipo poizoniyo azingoyendabe. Ine ndinkakokera ndi khasu, iwo n'kumaponya m'dzenje. Atanyamula nantchengwa ija ndidaganiza kuti aiika pambali, chifukwa m'chigafa munalibe mbalame yotero ndipo adaifuna kwa zaka. Adaitembenuza, kuiyang'ana pansi pa phiko ndi m'maso.

"Taona, Agnesi," adatero motsitsa mawu. "Kuyambira m'mawa, kutentha konseku, palibe ntchentche yaikira. Zimene zayesa ndi izi."

Pa nthenga panali ntchentche zobiriwira zingapo, zouma, miyendo itapinda.

Adaponya mbalameyo m'dzenje. Kenako munthu uja, amene ankadya chinangwa atakhala pambali pa galu wowola, adagwira tsinde la mkuyu n'kuyamba kusanza. Adasanza nthawi yaitali, msana ukugwedezeka. Atatha adapukuta pakamwa ndi mkono, kutola fosholo, n'kupitiriza kukwirira.

Madzulo omwewo mwana wa mayi uja adawakankha pamsika adayamba kutuluka dovu ndi kukomoka atadya mlamba. Adathamangira naye ku Kabudula pa njinga yamoto, ndipo mwamwayi adachira. Ena angapo adatsekula m'mimba. Ine ndidati tsopano anthu amvetsa. Koma mmene sabata linkatha, nkhani idali itatembenuka. Ankati nsombazo zinali zabwinobwino mpaka pamene a Pankrasi adazikhuthulira zinthu zawo za m'thumba. Ankati munthu wogona ndi akadzidzi ndi chigaza cha fisi akanena kuti mufa, ndiye kuti walodza kale. Amene ankafalitsa kwambiri zimenezi ndi omwe aja ankagwada m'fumbi.

A mphakati adaitanitsa msonkhano woyanjanitsa banja. Za dziwe sadakambepo. Nkhani inali yakuti bambo sachititsa manyazi mwana wake pagulu, ndipo a Pankrasi apepese. Dominiko adakhala poteropo atazolika, ngati ndiye wolakwiridwa. Atsibweni adamvetsera mpaka onse atatha. Kenako adati iwo apepesa tsiku limene Dominiko adzapite kwa mayi wa mwana uja kukanena ndi pakamwa pake chimene adathira m'madzi. Adatenga chipewa n'kutuluka pemphero lotsekera lisanachitike.

Dominiko sadapite kwa mayi uja. Adasamukira kwa akazi ake, ndipo akakumana ndi bambo ake panjira ankapatukira m'munda. A Nambewe ndiwo adavutika koposa. Ankapita mobisa kukaona adzukulu awo, pobwera n'kumanamizira kuti anali kuchigayo. Nthawi ina adandiuza akulira kuti amuna awo adasankha achule kusiya mwana. Nditawafotokozera atsibweni mawu amenewa, adati mwana uja adagona kuchipatala sanali chule. Koma kuyambira chaka chimenecho adasiya kuitanira anthu m'chigafa, ndipo ana a sukulu amene kale ankabwera kudzasuzumira adaletsedwa ndi makolo awo.

Pamaliro Dominiko adabwera. Adalira mokweza kuposa aliyense, mpaka amuna awiri kumugwirira. M'mawa mwake, tisanamete n'komwe, adatsegula chigafa ndi anzake. Mafupa onse adawakokolola pa mikangala, kuwaponya mu wilibala, n'kukawataya m'dzenje la chimbudzi chakale. Ntchito ya zaka zonse zija idatha tiyi asanapse. Chigaza cha fisi chokha sichidafike kudzenjeko. Chidapita m'chikwama cha bambo wina wachilendo amene adabwera pa njinga yamoto, ndipo aliyense akudziwa ntchito imene anthu otere amagwira. Akadzidzi adawafukiza ndi utsi wa matayala. Akadzidzi akuluakulu adathawa, ana awo adagwa pansi, ndipo mmodzi wa anyamatawo adawamaliza ndi mpini.

Chigafacho chilipobe. Udzu wa denga udagwa mbali imodzi, ndipo dzuwa limalowa mpaka pakati. Pa mikangala patsala tiwaya tokhatokha, tadzimbiri, tina topindika mozungulira, tina tokhota ngati mbedza, ndipo mphepo ikawomba timagundana. Chiswe chakwera nsichi za kumbuyo. Popeza chili pafupi ndi njira yochokera kumowa, odutsa achisandutsa chimbudzi, moti polowa umachita kusankha poponda. Nkhuni kwathu kuno zidasowa, anthu amaphikira zitsononkho ndi mapesi, koma mitengo youma yonseyo ili chiimire. A Nambewe akuti adauza anthu kalekale kuti aliyense wofuna agwetse akasonkhere moto. Palibe amene wabwera kudzasolola ngakhale mtengo umodzi.